Tinawamba Ng'oma za Achimwene M'takisi

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa ndinagona pa kapeti pakati pa miyendo ya anthu. Amayi a mpingo amene anachezera kuyimba anali atatopa, ena akuwodzera pa masitepe a nyumba ya malemu achimwene ku Oshawa, kufupi ndi Toronto. Ine tulo sindinatione kwenikweni. Mtima wanga unali pa ng'oma zitatu zimene zinali m'chipinda cha pansi.

Ng'omazo amazitcha bata, ndipo kwawo ndi ku Cuba. Achimwene anaziphunzira kwa mkulu wina wa kumeneko amene ankagwira naye ntchito ku fakitale ya magalimoto. N'zowonda pakati, zili ndi chikopa mbali zonse ziwiri, ndipo mwa mwambo wake zimafuna anthu atatu: yaikulu imaitana, yapakati imayankha, yaing'ono imasunga mayendedwe. Mkulu uja atamwalira, achimwene anasowa oyimba nawo, ndiye anazimangirira pa chitsulo chimodzi n'kumaziyimba okha zonse. Ine ankandipatsa kang'onoko ndikapita kukacheza Loweruka, n'kumandiseka kuti manja anga ndi osendera mbatata basi. Koma ali m'chipatala anandigwira dzanja nati, "Ukandiyimbire kumanda, zonse zitatu." Ndinavomera, poti wodwala sumukanira. Yaikuluyo ndinali ndisanaigundepo pagulu n'kamodzi komwe.

Kunja kutayera, azimayi anayatsa mbaula za gasi m'galaja, chitseko chili chotsekula, n'kuyamba kuphika mpunga ndi nkhuku atavala majekete pamwamba pa zitenje. Anthu anayamba kufika, a ku Hamilton atapanikizana m'magalimoto, a ku Toronto pa sitima, abale athu a ku Zambia nawonso. Nsapato zinadzaza pakhomo mpaka kusowa poponda. Achinyamata obadwira kuno ankapepesa m'Chichewa mawu amodzi, kenako n'kuthawira m'Chingerezi.

Pamene ndinkalowetsa ng'oma m'buti ya galimoto, ndinamva amayi ena akunong'onezana kuti ng'oma za mizimu zija ndikupita nazodi kumanda. Alamu anga, mkazi wa malemu, anangoyang'ana pansi. Iwowa ndi amene kwa zaka zambiri ankagogoda pansi ndi mpini wa tsache kuti phokoso la m'munsi lithe. Ndinkaopa kuti andiletsa, komabe kunena zoona, mbali ina ya mtima wanga inkalakalaka atatero.

Za m'tchalitchi sindikukumbukirapo kanthu. Ndinkangogunda maondo anga ndi zala, kufunafuna kaitanidwe ka ng'oma yaikulu, iko n'kumandithawa. Titatuluka, mvula yosakanikirana ndi chipale chofewa inali itayamba. Magalimoto anandandalikana pambuyo pa la maliro, nyali zikuyaka masanasana. Kumanda tinapeza dzenje lokumba kale ndi makina, m'mbali mwake atayala nsalu yobiriwira, ndipo wantchito wa pamenepo ankangoyang'ana wotchi.

Abusa atatha pemphero anandikodola. Ndinagunda yaikulu ija. Inangoti phwa, ngati ndamenya thumba la ufa. Zikopa zinali zitafooka ndi chinyontho cha m'buti. Thukuta linanditsika m'kuzizira konseko. Kwathu tikanangokoleza udzu n'kuziwamba, koma ndani angayatse moto m'manda a kuno? Maso onse anali pa ine, ndipo ndinachita mantha ngati mwana.

Mnzawo wa achimwene, Msilamu wa ku Mangochi woyendetsa takisi, amene nthawi yonseyi anaima kumbuyo, anabwera n'kundigwira phewa. "Bweretsani kuno, akulu. Hita yangayi imawotcha kuposa makala." Tinaziika pa mpando wakutsogolo, mpweya wotentha ukuwomba pa chikopa, iye akuzitembenuza mbali iyi ndi iyo. Amayi onong'ona aja ndi amenenso anayambitsa nyimbo yaitali, n'kumaibwereza, kuti wa wotchi uja asatithamangitse.

Titazibweza pa chitsulo, zinalira bwino. Ndinayamba ndi yaing'ono, imene manja anga ankaidziwa. Koma nditangosamutsa dzanja kuti ndiitane pa yaikulu, zonse zinabalalika. Ndinaima. Ndinayambanso, zinabalalikanso. Panali zii, moti ndinkamva mvula ikugwa pa maambulera. Ndinayang'ana bokosi, ndipo mumtima ndinayamba kale kupepesa.

Kenako wina anayamba kuwomba m'manja. Anali alamu. Anali atavula magolovesi, akuwomba ndendende mmene kang'oma kaja kamayendera, osaphonya.

"Itanani, alamu," anatero. "Kang'onoko ndagwira ine."

Zaka zonse zija ankagogoda ndi tsache, makutu awo anali akuphunzira. Ndinasiya yaing'ono m'manja mwawo. Ndinaitana pa yaikulu, yapakati inayankha, ndinaitananso. Ndinalakwitsa malo angapo, ndipo achimwene akanakhalapo akananditchulira mbatata zija. Koma sindinaimenso mpaka bokosi linatsikira pansi. Zala zanga zinali zitang'ambika, ndipo ndinazindikira pokhapokha nditaona magazi pa chikopa.

Madzulo anthu anabalalika msanga, ena kuthamangira sitima, ena ntchito ya usiku. M'galaja munatsala mapoto ovundikira ndi fungo la gasi. Ndinatsitsira ng'oma m'chipinda chake n'kuziphimba ndi bulangete. Pokwera ndinapeza alamu ali chiimire kukhitchini, tsache lili m'manja, osasesa kanthu. M'nyumba munkangomveka firiji.

"Loweruka mubwere," anatero osandiyang'ana. "Nyumba ino sinazolowere kukhala chete, ndipo ine ndilibenso womugogodera."