Timphete Titatu ta Kunsonga

Dzanja langa lamanja linayamba kunjenjemera tili ndi zaka zingapo ku Nairobi, ndipo munthu woyamba kumunamiza ndinali ine mwini. Ndinkati ndi kuzizira kwa mu Julayi. Julayi atatha ndinati ndi khofi. Nditasiya khofi ndinati ndi kutopa ndi ntchito ya ku ofesi. Zifukwa sizinkandithera, koma kuchipatala kokha ndiye sindinkafuna kumvako.

Ndinali ndi mantha, ndipo ndinkadziwa kumene ankachokera. Bambo anga anamwalira ku Zomba manja awo akugwedezeka osaleka. Zaka zawo zomaliza mabatani a malaya tinkawamangira ndife. Anali munthu wosafuna kuthandizidwa, ndiye tikamawamangira ankayang'ana kudenga, misozi ili lengelenge. Ine ndinaziona zonsezo ndi maso angawa. Choncho ndinkadziuza kuti malinga dokotala sanalitchule dzina vutoli, ndiye kuti palibe vuto.

M'malo mwa dokotala ndinadzipezera woweruza wina, ndodo yowedzera nsomba.

Zinayamba anzanga a ku ntchito atanditengera kumitsinje yozizira ya kumapiri a Aberdare. Kumeneko sawedza ndi nyongolotsi ayi. Amamanga nthenga pambedza kuti ioneke ngati kachilombo kouluka, n'kumaiponya pamadzi ndi ndodo yopepuka kwambiri. Tsikulo sindinaphe nsomba ngakhale imodzi, koma ndodoyo inandilowa mumtima. Mnzanga wina anandilozera kwa mkulu wina wa ku Rongai amene amapanga ndodo zotere m'kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba yake. Aliyense ankangomutchula kuti mzee, kutanthauza mkulu m'Chiswahili, inenso ndinatengera pomwepo. Ndinapitako Loweruka ndi Loweruka mpaka anandiphunzitsa.

Ntchito yake ili chonchi. Ndodo umaigula yosalala, yopanda kanthu, ili m'zidutswa zinayi. Umaiika chogwirira, kenaka umamangirira timphete tachitsulo momwe chingwe chimadutsa. Kamphete kalikonse kali ndi timapazi togona pandodo. Kaphaziko umayamba wakapala ndi tupa mpaka kapyapyale, kuti ulusi ukwere bwino osadumpha. Ukatero umakagwiriziza ndi kachidutswa ka tepi, n'kuyamba kukulunga ulusi uku ukutembenuza ndodo ndi zala, mzere uliwonse ukugundana ndi unzake, osasiya mpata, osakwerana. Ukatsala pang'ono kumaliza umagoneka kaulusi kena kopinda pawiri, n'kukulunga pamwamba pake kasanu. Ukatero umalowetsa mchira wa ulusi m'kakhwekhwe kaja n'kukoka kuti mchirawo ubisale pansi. Wotsalawo umadula ndi lezala. Vanishi amabwera pomalizira, ndipo akangouma, cholakwa chako chimakhala pomwepo mpaka kalekale.

Kumunsi kwa ndodo timphete n'tokulirapo, aliyense atha kumanga. Nkhondo ili kunsonga. Kumeneko ndodo imaonda ngati mtengo wa machesi, imapindika ukangoikhudza, ndipo timphete take n'tating'ono moti kakakugwa pansi uyenera kugwada ndi tochi. Mzee ankati munthu umamudziwira pa timphete titatu tomaliza. Ine ndinawatenga mawu amenewo n'kupangana ndi mtima wanga kuti ngati ndingathe kumanga titatu timeneto mosalala, manja anga ali bwinobwino.

Tinkakhala ku South C, dera lina la mu Nairobi, m'nyumba ya m'mwamba, awiriwiri ndi akazi anga chifukwa ana anali atakula kale. Iwo anali ndi makina awo osokera pakona, ankasokera amayi a kwathu a kutchalitchi madiresi a chitenje. Ine ndinalanda thebulo lodyera. Chothandizira changa chinali katoni yodula mbali ziwiri pogonekapo ndodo, ndipo ulusi ndinkaudutsitsa pakati pa buku lolemera kuti uzikungika.

Loweruka masana ndinkakhala pansi ndili ndi chikhulupiriro chonse. Kamphete koyamba kankandipulumuka. Ndikakatola, tepi inkamatirira kuchala. Ndikayamba kukulunga, dzanja lija linkayamba zake, ulusi n'kudumpha kaphazi, mzere uwu kukwera pa unzake, apa mpata, apo chotupa. Ndinkamasula n'kuyambiranso. Kachitatu thukuta linali kamukamu ngakhale kunja kukuzizira. Ndinkadzuka, kutsegula zenera, kulitseka, kupita kukhonde, kubwerera, kukalipira ana a eni ake osewera mpira pansi kuti akundisokosera. Mzee ankakonda kunena kuti ntchito iyi imafuna munthu wokhazikika, ine n'kumamuyankha ndi mwambi wa kwathu wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakamwa ndinkautha mwambiwo, koma kudekhako ndinalibe ngakhale pang'ono.

Pomaliza ndinkamanga mwamtundu uliwonse, n'kuisiya ndodo pakatoni, ine n'kutuluka. Ndinkayenda mopanda kolowera, kudutsa pa mzikiti, kudutsa pa ogulitsa chimanga chootcha, mpaka kumsewu waukulu wopita ku Mombasa, kumene ndinkaima n'kumaonerera malole ngati ndikudikira munthu. Dzanja ndinkalibisa m'thumba la jekete. Lamulungu kutchalitchi buku la nyimbo ndinkaligwira ndi lamanzere, ndipo ndodo ija sindinkafuna ngakhale kuiyang'ana.

Ndinkaibwerera Lachitatu ndikaweruka, kuti ndipake vanishi. Chodabwitsa n'chakuti ndinkapeza timphete tija tili bwino. Ulusi uli see, mizere yogundana bwino, mchira wosaoneka. Ndinkatembenuza ndodo pazenera, mtima n'kukhala m'malo. Ndinkati Loweruka lija unali mkwiyo chabe umene unandiphimba m'maso, ntchito ndinagwira yabwino. Ndinkapita nayo kumakina kwa akazi anga.

"Amayi, taonani. Manja a munthu wodwala angachite zimenezi?"

Iwo ankayang'ana pang'ono, n'kunena kuti, "Yakongola ndithu, abambo," kenaka n'kupitiriza kupalasa makina awo.

Zinachitika choncho pa ndodo zitatu. Yachitatuyo inandisangalatsa kwambiri moti ndinati mphunzitsi wanga aione. Ndinaikulunga m'nsalu Loweruka m'mawa n'kukwera matatu, minibasi ya kumeneko, yopita ku Rongai, wailesi ikulira mogonthetsa m'khutu, ine nditaikumbatira ndodo yanga kuti wina asaikhalire.

Mzee ndinamupeza akupala chogwirira cha ndodo ya munthu wina. Tinkalankhula Chiswahili chosakaniza ndi Chingelezi, changacho chopunduka. Anapukuta manja, kuvala magalasi, n'kuyamba kuiyendera ndodo kuchokera kumunsi. Pa kamphete kalikonse ankaima n'kugwedeza mutu. Atafika kunsonga anatenga galasi lokulitsa zinthu n'kupita nayo pakhomo powala. Anakhalitsa pamenepo.

"Ntchito yabwino," anatero. "Wamanga ndani?"

Ndinaseka. "Mzee, mukufunsa chiyani? Ndine."

"Kumunsi kuno ndiwe. Ndikukudziwa, umakoka ulusi ngati ukumanga mbuzi. Koma titatu iti si iwe."

Anandipatsa galasi lija n'kuloza ndi nsonga ya lezala. Anati ndione pamene ulusi unayambira, pomwe umapingasa pa unzake kuti udzigwire. Pa timphete takumunsi unapendekera mbali imodzi, momwe iye anandiphunzitsira. Pa titatu takunsonga unapendekera mbali inayo, ndipo mchira unalowera kwina.

"Uyu amatembenuza ndodo mobwerera," anatero mzee. "Ndi wamanzere. Ndipo ali ndi manja abwino kuposa ako, kuposa anganso masiku ano. Ubwere naye ndimuone."

M'nyumba mwathu tinalimo anthu awiri okha, ndipo wogwira sizasi ndi dzanja lamanzere sindinali ine.

Mzee anaona nkhope yanga, kenaka anatsitsa maso n'kuyang'ana dzanja langa limene linagwira galasi. Galasilo linkagwedezeka. Anangoti, "Pole," kundipepesa m'Chiswahili, n'kundilanda mwaulemu.

Sindikumbuka kuti ndinatsanzika bwanji. Pobwerera msewu wa Magadi unali utadzaza, magalimoto osasuntha. Ndinakhala m'matatu mphindi zochepa, mtima ukuwira, kenaka ndinagogoda kuti nditsike. Kondakitala anati ndalama sabweza, ine ndinati adye. Ndinayenda wapansi m'fumbi, ndinakwera ina, ndinatsikanso. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikawalankhule akazi anga. Ndinakwiya chifukwa anandipusitsa, ndinakwiya chifukwa ndinakadzitama kwa munthu wamkulu ndi ntchito ya eni ake. Koma pansi pa mkwiyo wonsewo panali chinthu chimodzi chimene chinkandipweteka koposa. Miyezi yonse ija woweruza wanga ankandiuza zoona Loweruka lililonse, ndipo ine ndinkakhulupirira za Lachitatu.

Ndinawapeza akazi anga pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Ndinaponya ndodo pathebulo.

"Anakutumani ndani kugwira ndodo zanga?"

Sanadzidzimuke. Anaika lichero pansi, n'kulowa m'nyumba.

"Palibe anandituma."

"Mwandichititsa manyazi. Munthu wamkulu ngati ine kukaonetsa ntchito ya mkazi wanga ngati yanga! Mumandiyesa mwana?"

"Abambo, khalani pansi."

"Sindikhala!"

"Chabwino, imani. Koma mumve. Mukalephera Loweruka, nyumba ino sikhalika. Mumangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira, mumakalipira ngakhale chitseko, chakudya simudya. Ine ndinkaonera mmene mumachitira. Ndi ulusi basi, ndakhala nawo moyo wanga wonse. Lolemba mukapita kuntchito ndinkamasula n'kumanganso. Ndikaona mukuseka Lachitatu, ndinkati bola."

"Ndiye mumati mukundithandiza?"

"Ayi. Ndinkadziwa kuti ndikulakwa." Anandiyang'ana m'maso. "Mukuganiza kuti wamantha ndinu nokha? Apongozi anga amene ankawagwirira kapu pakamwa ndani? Si ine? Inu munkabisa, inenso ndinkakuthandizani kubisa, chifukwa ndinkaopa zomwe munkaopa inuzo."

Apa ndikanayenera kugonja, koma ine ndi mwana wa bambo anga. Ndinati vuto si manja, vuto ndi timphete ta masiku ano timene akutichepetsa dala. Ndinati ulusi umene ndinagula unali woterera. Ndinati kuwala kwa m'nyumba muno n'kochepa. Ndinalankhula zambiri, ndikuyenda kuchoka pazenera kupita pachitseko, kuchoka pachitseko kubwerera pazenera.

Iwo sananditsutse. Anapita kukhitchini, ndinamva akuyatsa mbaula. Patapita kanthawi anabwera ndi tiyi. Anaika kapu pambale yake pathebulo n'kuthira mpaka kudzaza, tiyi kufika m'milomo mwenimweni mwa kapu.

"Imwani."

"Sindikufuna tiyi."

"Imwani, abambo. Mukamwa osataya, sindidzanenanso kanthu, ndipo ndodo zanu sindidzazikhudzanso."

Ndinakhala pansi. Ndinaiyang'ana kapuyo, ndipo inandionekera yachilendo, ngakhale inali yomwe ndinkamwera tsiku ndi tsiku. Ndinaigwira ndi dzanja lamanja, n'kuinyamula. Isanafike ndi pachifuwa pomwe, tiyi anali atayamba kutayikira pazala, pathebulo, pathalauza. Anali wotentha koma sindinaisiye. Ndinalimbana nayo, kapu ikugogoda mano anga, mpaka ndinamwako pang'ono. Poibweza pambale inalira ngati belu.

"Mwadzazitsa," ndinatero, mawu ali pansipansi.

"Umu ndi mmene anthu amathirira tiyi," anayankha. "Chaka chatha tsopano ndikukuthirirani theka. Simunaone?"

Sindinaone. Ndinayang'ana tiyi akuyenderera kumphepete kwa thebulo n'kumadontha pansi. Ndinalira, ndisabise. Akazi anga sanandigwire paphewa, sanathamangire chopukutira, anangokhala pampando winawo n'kumadikira. Anandisiya kuti ndinene ndekha.

"Amayi, dzanja langali likunjenjemera."

"Ndamva."

"Ndikuopa."

"Inenso."

"Lolemba mundiperekeze kuchipatala."

Anadzuka n'kupita kumakina awo. Anatsegula kabokosi ka singano, n'kutulutsa kapepala kopindapinda, kothimbirira m'mbali chifukwa chokhalitsa. Panali nambala ya dokotala. Anakatambasula pathebulo, pouma, n'kundipatsa foni kuti ndiimbe ndekha.