Khadi la Zidindo Ziwiri

M'buku la Mawu a Mulungu limene mayi anandisiyira muli kakhadi kachikasu, kothimbirira m'mbali, kosaposa chikhatho cha mwana. Pamwamba pali dzina langa, lolembedwa ndi dzanja la amalume. M'munsi muli timabokosi tiwiri, ndipo tonse tili ndi chidindo cha boma. Wokaona angati mwana ameneyu anasamalidwa bwino. Ine ndikakaona ndimatseka buku msanga.

Chinali chaka chimene kolera inalowa koyamba m'chigwa chathu. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala kwa Mlolo. Mvula inali itayamba, koma kutentha kuli pomwepo, kuja kochititsa thukuta munthu ali chikhalire pamthunzi. Amene mwapatsana naye moni m'mawa ku dimba, pofika madzulo maso alowa m'kati, khungu ukalitsina osabwerera. Kugona pa maliro kunaletsedwa. Mpaka lero ndimamva fungo la mankhwala oyera amene ankawaza pakhomo pa womwalira, lolasa m'mphuno, losachoka m'zovala.

Pakhomo pathu tinali ana awiri. Winayo anali mwana wa mayi aang'ono. Iwo anaoloka naye mtsinje wa Ruo pothawa nkhondo ya kutsidya, anamusiya m'manja mwa mayi, n'kubwerera kukafuna amuna awo. Tinabadwa dzinja limodzi, iye pambuyo panga pang'ono, ndiye ndinkamutcha mng'ono wanga. Tinkagona mphasa imodzi, kutunga madzi pa dooko limodzi. Chilichonse ukamupatsa, ngakhale kabwemba kamodzi, ankapinda bondo ngati ntchembere n'kuti “takhuta,” kuthokoza kwa kwawo, ife n'kumaseka. Koma m'kaundula wa boma dzina lake munalibe. Kwa boma, pamphasa paja pankagona mwana mmodzi.

Amalume, mlongo wawo wa mayi, ankagwira ntchito ya zaumoyo. Anthu ankawatcha adokotala ngakhale anali otemera chabe. Katemera anabwera pa sitima mpaka ku Chiromo, iwo n'kumunyamula pa njinga, m'bokosi la ayezi lokulungidwa ndi chiguduli chonyowa. Anabwera ndi lamulo lake. Munthu abayidwe kawiri, kachiwiri patatha masiku asanu ndi awiri. Obayidwa akhale a m'mabanja olembedwa m'kaundula, okhala ndi khadi la chipani. Timabotolo tinali tochepa, choncho theka tigwire ntchito tsiku loyamba, theka tisungidwe kudikira anthu omwewo. Woyang'anira mzere anali aphunzitsi anga, amene analinso mlembi wa chipani m'dera lathu.

Amalume ndi aphunzitsi onse anali akulu a mpingo. Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi anadzera kwathu, mayi n'kuwapatsa thobwa la mapira, ife ana tili pambali pa mayi. Mawu awo sindinawasunge onse, koma ena anandikanirira.

“Aphunzitsi, nyumba ikupsa, inu muli ndi ndowa ziwiri za madzi. Mukuti ina tiisunge mpaka sabata la mawa?” Amalume ankafuna kubaya aliyense kamodzi, msanga, ndi a kutsidya omwe. Ankati kolera safunsa khadi.

“Denga la theka si denga, adokotala,” anatero aphunzitsi. “Mubaya kamodzi, wina afa, anthu adzati jakisoni ndiye wapha. Adzabweranso ndani?”

Lero ndikuvomera kuti m'mawu amenewo munali nzeru. Akanalekera pomwepo, bwenzi uli mtsutso wa anthu awiri ofunira mudzi zabwino. Koma amalume atayankha, aphunzitsi anaika pansi chikho, n'kufunsa motsitsa mawu, akumwetulira: “Kani inuyo mumadziwa kuposa a ku Zomba?”

Amene sanakhaleko masiku amenewo sangamve kulemera kwa funso limeneli. Silinali funso, linali mbuna. Anthu ankasowa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amene amalume anali atanena kale. Amalume anangomwa thobwa lawo. Mtsutso unathera pomwepo, osati poti wina anagonja pa nzeru, koma poti wina anali ndi anyamata a malaya ofiira kumbuyo kwake. Ichi ndicho chimandiwawa. Mliri wina utabwera ndili wokalamba kale, ndinamva anthu akukangana pa wailesi za kubaya kamodzi kapena kawiri, poyera, wina kutsutsa mnzake, kenako aliyense n'kupita kwawo kukagona. Ndinathimitsa wailesiyo n'kulira. Ife ngakhale kufunsa kokha kunali mlandu.

Jakisoni woyamba ndinabayidwa pakhonde la sukulu. Masingano ankawira m'kapoto pa pulaimasi, thonje likununkha sipiriti. Mkono unatupa, ndinagona masiku awiri thupi likutentha, mng'ono wanga akundikupiza ndi chivundikiro cha dengu. Iye sanapite. Analibe pepala.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri mayi anachita zimene amalume analetsedwa kuchita. Anaona kuti khadi langa la katemera lili ndi timabokosi tiwiri, ndipo pakhomo pali ana awiri. Anatenga deresi langa la kutchalitchi, labuluu la kolala yoyera, n'kumuveka mng'ono wanga. Anamuphunzitsa kutchula dzina langa mpaka lizolowere pakamwa. Anadikira dzuwa lifike pamutu, nthawi imene aphunzitsi ankapita kwawo kukadya. Ine anandiuza kuti nditsale, ndiziingitsa nkhuku pa mapira amene anayanika.

Ndinawatsatira. Ndakhala zaka zambiri ndikufuna kunena kuti chinandikoka ndi chikondi, koma pamaso pa Mulungu sindinganame. Linali deresi. Ndinali nditalivala katatu kokha.

Nditafika, mng'ono wanga anali atatsala pang'ono kufika patebulo. Amalume anamuona, anaona deresi, n'kuweramitsa mutu ngati akufuna china m'bokosi. Anali atagwira kale thonje. Pomwepo aphunzitsi anatulukira kuseri kwa kalasi. Tsiku limenelo sanapite kukadya. Anatenga khadi m'manja mwa mayi, anawerenga dzina, anayang'ana mwana wa deresi labuluu, kenako maso awo anandipeza ine nditaima pa mtengo wa nimu. Sanafunse mayi. Sanafunse amalume. Anadziwa pofewa.

“Bwera kuno, mwana wanga. Tinaphunzira chiyani za mboni yonama?”

Ndinalakatula lamulo lonse, osaphonya liwu.

“Nanga khadi ili ndi la yani?”

“Langa,” ndinatero. “Ndi deresilo ndi langa.”

Anandisisita m'mutu, n'kuuza mzere wonse kuti taonani mwana woopa Mulungu. Anandigwira pa phewa kundifikitsa patebulo. Amalume anandibaya osandiyang'ana, ndipo chidindo chachiwiri chinagunda. Mng'ono wanga anaima pambali, dzanja la deresi atalipinda kale, mkono uli pamtunda kudikira. Aphunzitsi atamuuza kuti achoke pamzere, anapinda bondo mwa chizolowezi chake n'kuti “takhuta.”

Munthu ameneyu anatenga lamulo loyera la Mulungu n'kulisandutsa mbedza yokolera mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Ndawerenga za amene amasefa kadzudzu m'chakumwa n'kumeza ngamira, ndipo sindisowa kufunsa abusa kuti amaoneka bwanji. Ndinakhala m'kalasi mwawo zaka ziwiri. Azamba a ku Iguputo ananamiza mfumu kuti makanda akhale ndi moyo, ndipo Mulungu anawamangira mabanja. Nkhani imeneyo aphunzitsi sanatiphunzitsepo.

Tsono imvani zimene zinachitikira timabotolo tosungidwa tija. Sabata lomwelo madzi anasefukira, midzi ya kumunsi inadulidwa, ndipo ambiri amene anabayidwa koyamba sanathe kubwera kachiwiri. Amalume anapempha kuti totsalato abaye nato amene alipo. Aphunzitsi anati lamulo likuti tidikire eni ake. Anadikira. Sitima sinabweretse ayezi wina. Tsiku lachitatu m'bokosi munali madzi ofunda okhaokha, ndipo amalume anakumba dzenje kuseri kwa sukulu n'kukwirira katemera yense wotsala. Ndinawaona akupondaponda dothi ndi nsapato, nthawi yaitali kuposa mmene dzenjelo linkafunira.

Patatha masabata awiri mng'ono wanga anayamba kutsekula m'mawa, madzi oyera ngati otsukira mpunga. Mayi anamubereka kumbuyo kuthamangira ku msasa wa odwala, ngakhale miyendo yake inkafika m'mawondo mwawo. Sanafike naye wamoyo. Ine anandiletsa kumuyandikira. Mphasa yathu anaitentha pamodzi ndi zovala zake zonse, ndipo poti panalibe china chomuveka, anamuika m'manda atavala deresi labuluu lija. Mayi aang'ono atabwerako kutsidya anapeza kamtumbira. Amalume sanathe chaka m'dera lathu. Mawu awo a pa thobwa paja anakafika kumene anakafika, ndipo anawasamutsira kutali kumpoto.

Nditakula, namwino wina wa mumpingo mwathu anandiuza kuti katemera wa masiku amenewo sanali wamphamvu ngati wa lero, kuti jakisoni mmodzi mwina sakanamupulumutsa, kuti chachikulu chinali madzi akumwa. Ankafuna kunditonthoza, ndipo mwina ankanena zoona. Ana anga ndi adzukulu anga onse ndinawapititsa ku katemera, osaphonya ngakhale kamodzi. Koma “mwina” ameneyo anali wake wa mng'ono wanga, ndipo anamulanda, n'kukamukwirira kuseri kwa sukulu. Tsiku lililonse ndimapempha kuti Atate andikhululukire monga inenso ndikhululukira ondilakwira. Ndikafika pa mawu amenewo ndimaima kaye. Aphunzitsi anamwalira kalekale, anaikidwa ndi nyimbo ndi maluwa. Ndawakhululukira kambirimbiri, ndipo m'mawa mwake ndimapeza mkwiyo wamera pomwe ndinauzula, ngati bango la m'mbali mwa Shire.

Mayi sanandikalipirepo, ngakhale liwu limodzi. Tsiku lotsatira maliro anaitana amalume. Mayi sankadziwa kuwerenga, koma Malemba ankawadziwa ndi makutu. Anati, “Alongo, ndipezereni paja mfumu inalandira kalata ya adani ake, n'kupita nayo ku nyumba ya Mulungu, n'kuifunyulula pamaso pake kuti aiwerenge yekha.” Amalume anavundukula mpaka anapeza. Mayi anatenga khadi langa, analiwongola bwinobwino ndi chala, analiika pa tsamba limenelo, zidindo zikuyang'ana kumwamba, n'kutseka buku. Lili pomwepo mpaka lero.

Ine ndinaima pakhomo, mkono uli ndi kachipsera, mtima ukadali pa deresi langa limene linapita pansi. Nditaona khadi langa likulowa m'buku loyera, ndinakumbukira dzanja la aphunzitsi m'mutu mwanga, ndipo ndinasangalala. Ndinkayesa mayi akulisunga pondinyadira.