Mmene Ndinaperekera Mwana wa Eni

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndinkagwira ntchito ku bungwe lina la mpingo mu Nairobi, ndipo ine ndi akazi anga tinkachita lendi ku South C. Lamlungu masana kwathu kunkadzaza ana asukulu a ku Malawi. Mmodzi mwa iwo anali mtsikana wa ku Dedza amene ankaphunzira zauphunzitsi ku Kahawa. Bambo ake anamwalira iye ali sitandade sikisi. Ankakwera maminibasi awiri, amene kumeneko amati matatu, kuti afike kwathu, ndipo akafika sankakhala pansi asanatsuke mbale zimene wazipeza.

Tsiku lina anabwera Loweruka, yekha. Tinkadziwa kale kuti ali pachibwenzi ndi mnyamata wa mtundu wa Akamba, wogwira ntchito pa fakitale ina ku Athi River. Anakhala pafupi ndi khomo, akupinda ndi kupindula kampango kake.

"Ankolo, ukwati tauika mu Disembala. Amalume sangathe kubwera, miyendo ikuwavuta. Ndiye ndimati..." Apa Chichewa chinamuthawa. "Will you give me away?"

Mawuwo ndinkawadziwa, koma ndinkawadziwira kuntchito. Ku ofesi give away tinkanena za mabulangete ogawa ulele kwa anthu amene madzi awakokololera nyumba, kapena mipando yakale imene tasowa poika. Chinthu choti ukachipereka suyembekezanso kuchiona.

"Ndikaganize kaye, mwanawe," ndinatero.

Anagwedeza mutu, namwa tiyi wake theka, n'kutsanzika. Atangotuluka pageti akazi anga anandiyang'ana.

"Inu bambo, mwana wabwera mtunda wonsewu. Mukaganize chiyani?"

"Kwathu mwana wamkazi sitigawa ngati bulangete. Mwamuna ndiye amabwera kudzamanga pamudzi. Komanso ndi mwana wa eni ameneyu."

Lolemba ndinafotokozera mayi wina wa ku Kenya amene ankatayipa makalata ku ofesi kwathu. Kale anali mphunzitsi wa Chingerezi. Anaseka mpaka kuvula magalasi, kenako anatulutsa dikishonale yothothoka chikuto m'kabati. Anandionetsa ndi chala kuti mawu awiriwa ali ndi ntchito zingapo. Kugawa ulele ndi imodzi chabe. Ina ndi kuulula chinsinsi mosafuna, monga mwana wakuba shuga amene milomo yake yamugwiritsa. Ya paukwati ndi kuyenda ndi mkwatibwi kufika naye kutsogolo, abusa akafunsa n'kuyankha.

"Palibe akutayidwa apa," anatero m'Chingerezi. "Ndipo nkhope yanuyo yakuululani kale. Mukufuna, koma mukuopa."

Zinali zoona. Ife tinali ndi ana aamuna okhaokha, ndipo sindinaganizepo kuti ntchito yotere ingadzandipeze. Koma sindikanavomera amalume ake enieni asanalankhule. Ndinawalembera kalata, n'kutchula tsiku ndi ola loti akadikire pa foni ya ku parishi kwawo. Patapita masabata atatu ndinaimba. Foni inkangolira ngati mvula pa malata, ndipo tonse tinkachita kukuwa.

"Akuti mum'pereke?" anatero mkuluyo. "Iyayi. Mwanayo ndi wa pamudzi pano, ana ake munda wawo uli kuno. Inu mum'perekeze. Mukafike naye pamene ine ndikanafika, mukaone ngati anthuwo ali anthu. Mukatero ndinu nkhoswe. Zikadzavuta adzagogoda kwa inu, musadzatseke."

M'mawa mwake ndinapempha kuweruka masana, n'kukwera matatu ya ku Kahawa. Mtsikana uja ndinamupeza akuyanika zovala kuseri kwa hositelo. Nditamuuza kuti ndavomera, anagwada pa kapinga pomwepo, sopo akadali m'manja. Anzake a ku Kenya anasiya kuchapa, akudabwa kuti walakwa chiyani.

Ukwati unali m'tchalitchi chamalata ku Athi River. Kunali mphepo, ndipo fumbi loyera linatera pa suti yanga tisanalowe n'komwe. Pakhomo mkwatibwi anandigwira mkono mwamphamvu.

"Ankolo, pang'onopang'ono. Nsapatozi zikundiluma."

Tinayenda ngati tasenza madzi. Ndinali nditayeserera yankho langa sabata yonse, timawu tiwiri tokha ta Chingerezi. Koma abusa atafunsa kuti akupereka mkaziyu ndani, pakamwa panga panatuluka Chichewa.

"Ndine, m'malo mwa amayi ake ndi amalume ake. Tam'perekeza."

Abusa anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, akudikira. Ndinabwereza m'Chingerezi, anthu n'kuseka, ndipo kumbuyo ana athu asukulu analulutira mpaka amayi a kuchimuna anawalandira. Ndinaika dzanja lake m'dzanja la mnyamatayo.

Ku madyerero amayi ake a mkwati, mayi wamfupi wa manja okhakhala ndi khasu, anakoleka mpongozi wawo dengu loluka ndi khonje, lachingwe chachikopa. Kenako anabwera pamene ndinakhala, nalankhula Chiswahili chambiri. Ndinangotolapo "asante", zikomo wawo. Mwana wawo ndiye anandimasulira: akuti sikoyenera kuti iwo adye okha chimwemwe, mayi wobereka ali kutali. Akuti Pasaka isadutse awiriwa asanakafike ku Malawi.

Kuyambira Januwale mnyamatayo ankabwera kwathu Lamlungu lililonse ndi kope la mizere. Ankakhala pampando, mawondo pamodzi, akazi anga akumuphunzitsa kuomba m'manja mwaulemu ndi kupereka moni. Lilime linkamupotokera pa "mwadzuka bwanji", ndipo ankafufuta n'kulembanso.

"Anti," anafunsa tsiku lina m'Chingerezi, "apongozi akandipatsa chakudya chambiri, ndinene chiyani?"

"Usanene kanthu," anatero akazi anga. "Udye."