Chitsulo Chosulirapo cha Bambo Anga

M'zaka za Chitaganya ndinkaphunzitsa pasukulu ina ku Limbe, ndili kale pabanja. Bambo anga ankasula makasu ndi nkhwangwa ku Chinyonga, m'chisakasa kuseri kwa nyumba. Chitsulo chimene ankasulirapo chinali chakuda bii, cholemera koopsa. Chinabwera ndi agogo aamuna pothawa chibalo kwa Apwitikizi. Anachikoloweka pamtengo n'kuchinyamula ndi mng'ono wawo, bambo akadali kumsana.

Chifuwa chitawakulira bambo, anasiya kusula. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinawapeza atakhala m'chisakasamo, moto osakoleza.

"Mwananga, iwe umatha kuwerenga. Tayang'ana m'mbalimu undiuze mwini wake wa chitsulochi."

"Si chanu kodi, Bambo?"

Anakhosomola kwa nthawi, kenako anandiuza zimene sanauzepo ngakhale amayi. Ali mwana anamva anthu akunena kuti agogo anaba chitsulocho kumunda wa mzungu. Agogo anamwalira osanenapo kanthu. Zaka zonsezi bambo ankapita kutchalitchi, koma mumtima ankadziona ngati wolera ana ndi chinthu chakuba.

Ndinachitsuka ndi palafini. Zilembo panalibe, koma timadontho titatu ndi kamzere pansi pake. Ndinaikapo pepala n'kulipaka khala mpaka chizindikirocho chinaoneka. Pepalalo ndinayenda nalo m'masitolo a zitsulo ku Limbe ndi ku Blantyre. Ena anapukusa mutu, ena sanafune n'komwe kuliyang'ana. Mwamuna wanga ndiye anakumbukira mkulu wa mpingo wathu, Msena wa ku Port Herald, kapitawo wa amisiri kunjanji.

Mkuluyo anabwera Loweruka masana. Anagwada pansi, nayendetsa chala m'mbali mwa chitsulocho, n'kuchigogoda ndi nyundo akutchera khutu.

"Achimwene," anatero kwa bambo, "za ku Ulaya ndazigwira zambiri. Zimakhala ndi dzina la fakitale komanso manambala. Ichi ayi. Onani msoko uwu, ndi uwu. Ndi zidutswa zolumikiza pamoto, ntchito ya manja. Kodi pali chida china chimene bambo anu anasiya?"

Ndinalowa m'nyumba kukatenga kanyundo kakale kamene bambo ankasunga m'bokosi la zovala. Kumutu kwake kunali timadontho titatu tomwe tija ndi kamzere.

"Munthu akhoza kuika chizindikiro chake pa chinthu cha wina," bambo anatero motsitsa mawu.

"Pachitsulo chozizira, inde. Koma apa m'mphepete mwa madonthomu mwatukuka. Anadinda chikadali chofiira. Amene anadinda ndi amene anasula."

Bambo anatenga kanyundoko n'kukaika pamiyendo, misozi ikutsikira m'ndevu. Mkuluyo anavula chipewa. Kenako amayi anabwera ndi tiyi.

Kumene agogo anapeza zidutswazo sitinadziwe, ndipo bambo sanafunse. Anakhalabe ndi moyo mpaka mvula yoyamba. Masiku amenewo ankakonda kukamba za agogo, mmene ankayendera, nyimbo za Chilomwe zimene ankaimba popemerera moto, zinthu zimene ine ndinali ndisanamvepo.

Pamaliro, amisiri a kunjanji anabwera ambiri ndithu. Mchimwene wanga sanaphunzire kusula, choncho chitsulocho tinachipereka kwa msuweni wathu wa ku Mbayani, amene anasulirapo mpaka maso ake atafooka.