Dothi la m'chitini cha mabisiketi

M'wodi ya okalamba momwe ndinkagwira unamwino ku Liverpool munali amayi ena ake achizungu ovuta zedi. Ukawapatsa tiyi, ati wazizira. Ukatenthetsa, ati ukufuna kuwawotcha lilime. Anzanga ankawathawa, koma ine poti ndinakulira m'manja mwa azakhali olongolola, ndinkangoti izi n'zazing'ono.

Pakabati pawo panali chithunzi cha mnyamata wa makutu akuluakulu atavala zausilikali. Tsiku lina ndikuwasambitsa ndinafunsa ngati anali amuna awo. Anandiyang'ana ngati ndaledzera, n'kundiuza kuti ndi mlongo wawo, woyendetsa ndege pankhondo yachiwiri yapadziko lonse ija. Anachoka iwo ali kamtsikana, ndege yake n'kugwera m'nyanja ku Holland, basi. Manda analibe. Mayi awo anachita kumwalira akumusiyirabe kiyi pansi pa mphika wa maluwa pakhomo, ndipo kiyiyo tsopano ankamusunga iwowo m'chikwama.

Ndiye kunabwera uthenga woti ndegeyo yapezeka. Mdzukulu wawo anationetsa pafoni anthu amene anaivuula. Ankamira m'madzi ozizira, akuda bii, n'kumapapasa m'matope ndi manja chifukwa pansipo maso alibe ntchito. Kafupa kalikonse ankakatola ngati dzira. Munthu sakumudziwa, si mtundu wawo, anafa iwo asanabadwe n'komwe! Ine anthu amenewo ndinawavulira chipewa, ndipo mpaka pano ndimawagomera.

Chinandizunguza mutu n'chakuti malirowo sanali obwera kwawo. Ati msilikali amaikidwa komwe anagwera, pamodzi ndi anzake a m'ndegemo. Ife Amalawi kuno mnzathu akatisiya sitipuma mpaka bokosi litakwera ndege ya kumudzi. Amayiwo nawo adokotala anawakaniza ulendo, mtima unali utafooka. Adikira moyo wonse, lero maliro a mlongo wawo awamvere pafoni? Anatembenukira kukhoma, anasiya kudya, ngakhale kunyoza tiyi anasiya. Apo ndiye ndinachita mantha.

Ndinawauza kuti kwathu wachibale amaponya dothi m'manda ndi dzanja lake, ndiye ngati mwendo wakana kuyenda, dothi lingathe kuwayendera. Anandinena kuti ndine wamisala. M'mawa mwake anatuma mdzukulu uja kukatapa dothi pamanda a mayi awo.

Linabwera m'chitini cha mabisiketi, lonyowa ndi mvula ya kuno yosatha ija. Ine poopa asisitala oyang'anira wodi ndinakoka makatani. Amayiwo anatapa ndi dzanja n'kufinya ndi mphamvu zimene sindinkadziwa kuti akadali nazo. Atatambasula, pachibumacho panali patadindika zala zawo zonse.

"Usachiphwanye," anauza mdzukuluyo. "Ukachiike mbali ya dzanja lake. Ankandigwira dzanja powoloka msewu."

Mdzukulu atabwerako kumaliroko anationetsa chithunzi. Mmodzi wa ovuula ndege aja, chimunthu chandevu, anali atagwada m'mphepete mwa manda, akulandira chibumacho ndi manja awiri. Ine misozi inayamba, yunifolomu kapena ayi. Amayiwo sanalire. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anandituma kuti ndiwatulutsire kiyi uja m'chikwama. Anamuponya m'chitini chija, chimene tsopano chinali chopanda kanthu.

"Tseka," anatero. "Palibenso amene ali panja."