Chala cha Bwana

Ndisanayambe ntchito yolera mwana m'nyumba ija ya ku Al Furjan, mumzinda wa Dubai, ndinkaganiza kuti intaneti imayenda m'mwamba ngati mawu a wailesi. Bwana wanga ndiye anandichotsa umbuli. Pa shelefu ya pabalaza panali chidutswa cha chingwe chakuda, chonenepa ngati paipi yothirira maluwa, ndipo tsiku lina anandipeza ndikupita nacho kubini poyesa n'chotsala cha amisiri. Anakuwa ngati ndaponda mwana. Atamaliza kuseka anandifotokozera kuti zingwe zoterozo zimagona pansi pa nyanja zikuluzikulu, kuchoka dziko lina kukafika dziko lina, ndipo ngakhale mauthenga anga opita ku Zomba amadutsa mmenemo. Ntchito yake inali yomweyo, kupita ku timayiko ta pazilumba kukasamalira makina a pagombe pamene chingwecho chimatulukira. Ndinangoti chabwino bwana, n'kubwezera chinthucho pamalo pake.

Bwana ndi mkazi wake, madamu, sanali anthu oipa, ndisawanamizire. Chakudya ndinkadya chomwe iwo ankadya, ndipo kamwana kawo kakakazi kankandikonda kuposa mmene kankakondera mayi ake, ngakhale madamu sakanavomera zimenezo. Koma tsiku lomwe ndinafika, bwana anatambasula dzanja kuti ndimupatse pasipoti, eti kuti isasowe. Anzanga onse ogonera pantchito anachitidwa zomwezo. Tinkamva ndithu kuti lamulo silitero, koma ndani angayambe kuwerengera bwana malamulo chikwama chili m'manja, asanamwe ndi madzi omwe? Pasipotiyo inakalowa m'sefu, bokosi lachitsulo lokhomeredwa kukhoma mkati mwa wodulopu yawo. Sefuyo inalibe nambala. Inkatseguka ndi chala chachikulu cha bwana, ndipo kiyi wake wapadera ankayenda naye pa mpukutu wa makiyi ake.

Chaka cha mliri chija mwana wanga woyamba, wamkazi, anali ndi pathupi, mimba yoyamba. Amayi anga anatisiya kalekale, mchemwali ndilibe. Kwathu mtsikana sapita kuchidikiro yekha. Pamafunika mayi wake woti azigona naye pamphasa panja pa wodi, kumuphikira phala, kumusisita msana, kumukalipira akayamba mantha, n'kumusambitsa akachira. Ine amayi anga anandichitira zimenezo, ndipo mwanayu ndinamulonjeza ndi pakamwa pangapa kuti ngakhale zivute bwanji adzandipeza pambali pake. Madamu anali atavomera kale kuti ndidzapite kutchuthi miyezi ikakwana. Anati inshallah, Mulungu akalola, ine n'kuyankha kuti ameni.

Bwana ananyamuka kupita ku chilumba china chakutali, cha dzina lomwe lilime langa linalikana, akuti akakhala masabata ochepa chabe. Ali komweko dziko lonse linatseka zitseko. Chilumbacho chinaletsa ndege ndi sitima zonyamula anthu, wolowa asalowe, wotuluka asatuluke. Ku Dubai nako kunati zii. Kuti munthu apite kusitolo ankayenera kupempha chilolezo pa foni, ndipo wopemphayo anali madamu, osati ine. Mayi uja kolona inamulowa m'mutu isanamulowe m'thupi. Ankapopera mankhwala chilichonse, pepala la buledi, nsapato, ngakhale makiyi a galimoto yomwe sinkayenda. Kutchalitchi kunatsekedwa, ndiye Lachisanu, tsiku langa lopuma lomwe tinkapemphera, linangosanduka tsiku lochapa makatani. Dziko langa linali khitchini, kachipinda kanga koyandikana ndi makina ochapira, ndi kabwalo ka kuseri koyanikirako zovala. Ngakhale anthu ena atayamba kutuluka, ine geti sindinalidutse, poti madamu ankati ndikabweretsera mwana matenda.

Ndinali ndi mnzanga wa kutchalitchi, namwino wa ku Zambia wokhala ku Al Mankhool, mayi wosadziwa kunong'ona. Ndiye anandiuza kuti kwayamba kupezeka ndege za apo ndi apo zotengera anthu kwawo, ndipo ina idutsira kufupi ndi kwathu. Anati malo andigwirira, chongofunika ndi pasipoti. Ndinathamangira kwa madamu mtima uli dyokodyoko. Tinakwera limodzi kuchipinda kwawo, iye n'kuika chala chake pa kagalasi ka sefu. Kanayaka kofiira. Anayesa zala zonse, za kumanja ndi za kumanzere. Ine ndinaikapo changa, ngati kuti bokosilo lingandizindikire poti ndinkalipukuta sabata iliyonse. Madamu anati palibe vuto, madzulo afunsa mwamuna wake chochita.

Madzulo amenewo foni ya bwana sinalowe, mawa lakenso chimodzimodzi. Kenako a kuntchito kwake anaimba kunena kuti chingwe cha chilumba chija chaduka pansi pa nyanja, mwina chakokedwa ndi nangula wa sitima. Chilumbacho chinali ndi chingwe chimodzi chokhacho, ndiye dziko lathunthu linangoti phethi ngati kandulo. Mabanki, zipatala, mafoni, zonse zinaima. Njira yotsala inali kafoni kamodzi kodzera m'mlengalenga, ndipo kameneko kanali ka boma ndi ka ntchito, osati kofunsira za makiyi a m'nyumba. Zomwe tinkalandira ndi mawu odzera mwa anthu ena, akuti ali bwino, musadandaule. Sitima yokonza zingwe inali kutali, ndipo ikafika anthu ake ankayenera kubindikiritsidwa kaye asanagwire chilichonse.

Madamu ankalira ali kubafa, ndinkamumva. Kunena zoona chisoni changa pa iye chinali chochepa kwambiri. Mwamuna wake anali wamoyo, akudya nsomba pagombe. Mwana wanga miyendo inali itayamba kutupa, ndipo uthenga uliwonse wa mawu womwe ankanditumizira unkathera pa funso limodzi, kuti amayi, mwagula tikiti? Ndinkamuyankha ndi mawu osangalala kuti zikutheka. Ndikazimitsa foni ndinkatukwana chingwecho, nyanjayo, ndi yemwe anayambitsa mabokosi ofuna chala cha munthu.

Namwino uja anandifufuzira njira ina, yotenga chikalata chongoyendera ulendo umodzi. Koma anabwerako ndi nkhani yoti poti bwana ndiye anandiitana m'dzikomo, mapepala anga ena sangayende popanda iye yemweyo. Kulikonse komwe ndinkatembenukira ndinkakumana ndi bambo uja, munthu woti ali kutsidya kwa dziko. Pomaliza mnzangayo anandipatsa nzeru ina.

"Manje imwe asisi, muzayembekeza chala mpaka liti? Ku Ras Al Khor kuli amisiri odula nsimbi, zitsulo zilizonse. Ayitaneni adule chabe, khalas, nkhani yatha."

Madamu anakana. Choyamba, m'nyumba mwake simulowa mlendo wochokera kumagalaja ndi matenda ali kunjawa. Chachiwiri, sangaphwanye sefu ya mwamuna wake iye asanavomere. Ndinamufunsa kuti avomera bwanji poti salankhulika. Anati tidikire chingwe. Tsiku limenelo china chake chinandikwera kumutu. Ndinamanga chitenje, n'kukakhala pansi pa khitchini nditatambalala, mbale zili mbwee musinki. Sindinakuwe, sindinalire. Kamwana kaja kanabwera kudzandikhala pamiyendo, ine osakanyamula. Madamu anazungulirazungulira, kundiuza kuti yalla, ndidzuke, zimenezi si zachikulu. Ndinamuyang'ana m'maso koyamba chifikireni m'nyumbamo.

"Madamu, tsiku lomwe munkabereka mwana uyu, mayi anu anali pambali panu. Chithunzi chake ndimachipukuta ndine. Wanga akhala ndi ndani?"

Anakwera kumtunda, ndipo patapita nthawi ndinamumva akulankhula pa foni ndi mmisiri.

Mmisiriyo anabwera mawa lake, bambo wachikulire wa ku Pakistan, atavala masiki awiri chifukwa madamu anamuwonjezera ina pageti. Anamupopera mankhwala mpaka m'zikhatho, iye n'kumangopukusa mutu. Makina ake analira m'nyumba monse, fungo la chitsulo chopsa lili thoo, zovala za bwana titaziunjika pabedi. Ine ndinaima pakhomo, chikwama changa chili cholongedza kale pansi, muli timalaya ta khanda tomwe ndinagula mliri usanayambe. Chitseko cha sefu chitagwa, madamu anayamba kutulutsa zinthu chimodzichimodzi. Zibangili zagolide, mapepala a nyumba, pasipoti yake, ya mwana wake. Anapisanso dzanja mpaka kumapeto. Ndinapisa langa. Pasipoti yanga munalibe. Mmisiri uja anatiyang'ana tonse awiri, n'kuyamba kukulunga waya wake mwakachetechete.

Tinagwedeza nyumba yonse, madirowa, matumba a majekete, pansi pa mipando ya galimoto. Madamu ankafufuza molimbika kuposa ine, ndipo apo ndiye ndinayamba kumumverako chisoni pang'ono. Ndege ija inanyamuka. Malo anga anakhalapo munthu wina.

Sindikumbuka bwino masabata otsatirawo. Ndinkagwira ntchito ngati makina. Mkamwini wanga anatumiza uthenga waulemu wonena kuti ndisadere nkhawa, mayi ake avomera kukadikirira. Asewere angawo ine sitinkamwerana madzi. Pa chinkhoswe ananena anthu akumva kuti mtsikana woleredwa ndi foni sangadziwe kusunga banja. Tsopano ndinayenera kuwathokoza, ndipo ndinawathokozadi, mano ndili kukukuta.

Tsiku lomwe chingwe chinalumikizidwa, kompyuta ya madamu inalira tikudya chamasana. Bwana anaoneka ali ndi ndevu ngati mneneri, akuseka, kumbuyo kwake anthu akuimba malikweru pokondwera kuti dziko lawo labwerera pa intaneti. Madamu analira, mwana anapsompsona galasi. Ine ndinadikira mpaka nkhani ya sefu itatuluka. Bwana anasiya kuseka. Anati tidikire, n'kuchoka pagalasipo. Anabwerera ali ndi kachikwama kake ka maulendo, n'kusolola kabuku. Anali atakatulutsa m'sefu kuti akandikonzetsere khadi ya chipatala asananyamuke, kenako n'kuiwala. Anakatsegula n'kukayandikiza ku kamera, ndipo ndinadziona ndekha, nkhope yanga ya pa chithunzi, ili pa chilumba chomwe sindikanatha n'kuchiloza pa mapu. Anapepesa kwambiri, ndipo ndikhulupirira zinachokera pansi pa mtima. Anati atumiza pasipotiyo ndege zikangoyamba kutera. Ndinamufunsa kuti ndi liti. Anati palibe akudziwa.

Mwana wanga anachira m'mawa wina ine ndikuyanika matawelo kuseri. Uthenga wa mawu unalowa dzuwa litayamba kale kuwotcha. Ndinakhala pa chidebe n'kuika foni kukhutu. Mawu ake anali otopa, osasa. Anati ndi mwana wamkazi, zinavuta koma onse ali bwino, ndisalire. Za tikiti sanafunse. Kenako khanda linayamba kulira chapafupi, kulira kwamphamvu, ndipo iye anaiwala kuti foni ikujambulabe. Ndinamumva akutembenuka pabedi.

"Amayi, tamunyamulani, ine msana."

Ndinali nditaimirira kale, manja nditatambasula, thawelo lili pansi. Mufonimo mawu a asewere anga anayankha modekha kuti bwera naye kuno mwanangu, gona iwe. Khandalo linatonthola.