Mayi Amene Analembedwa pa Moto wa Mnzake

Abale ndi alongo, inu amene mwatopa ndi kupemphera osaona yankho, ndiloleni ndikuuzeni za mayi wina wa kwa Mwambo, kufupi ndi doko la Kachulu. Dzina lake ndi Loveness.

Tsiku limene anathyola nkhafi ya bwato la malemu mwamuna wake n'kuisonkheza pamoto, sanalire. Inali nkhuni yomaliza pakhomopo. Chitseko cha khitchini chinali chitapita kale, mpando nawonso. Nkhafiyo inaphika phala la mwana wake wamkazi, Blessings, masiku awiri. Kenako moto unazima, ndipo posakhalitsa utsi unasiya kutuluka pa mafuwa ake kwa nthawi yaitali.

Mwamuna wake, a Fanuelo, anali msodzi. Atamwalira, Loveness anayamba kugula milamba padoko, kuiwamba, n'kumagulitsa kwa amalonda ochokera ku Zomba. Koma kuwamba nsomba kumadya nkhuni, ndipo m'mbali mwa nyanja ya Chilwa mitengo inatha kalekale. Nkhuni zimabwera pa njinga kuchokera kutali, mtengo wake n'kumakwera mwezi uliwonse.

Chaka china anaganiza zowamba nsomba zambiri kamodzi. Anakongola katapila kwa a Bizweki, mwini golosale, n'kupinyolitsa munda wa mpunga umene mayi ake anamusiyira. Anagula milamba madengu atatu, nalipiriratu anyamata a njinga kuti amubweretsere nkhuni m'mawa wake. Anyamatawo sanafike. Anagwidwa panjira, chifukwa nkhunizo anadula m'nkhalango yotetezedwa. Lamulo loteteza mitengo ndi labwino, ine sindingalitsutse. Koma milamba siidziwa lamulo. Dzuwa la Okutobala linaiwoletsa yonse, ndipo Loveness anaikwirira kuseri kwa nyumba monga mmene amakwirira galu.

Mvula itayandikira, a Bizweki anabwera atavula chipewa mwaulemu.

"Mlamu, ine sindikukulandani. Munda ndi wanu. Ndingoulima mpaka mudzauwombole."

Aliyense m'mudzimo ankadziwa kuti minda imene a Bizweki ankasungira anthu inali isanabwererepo kwa eni ake.

Pamenepa ndi pamene nkhafi ija inapsa. Pambuyo pake Loveness anayesa mapesi, zitsononkho, ngakhale majumbo ndi masilipasi akutha, mpaka Blessings anayamba kutsokomola usana wonse. Mnansi wake, Mwajuma, mkazi wa a Alli amene amayendetsa boti ya injini yopita ku chilumba cha Chisi, anaona zimenezi ndipo anamuitana kuti aziphikira pa moto wake. Anangomuchenjeza moseka kuti tsiku limene adzabweretse mbewa pa mafuwa a Msilamu, ubale udzathera pomwepo. Pofuna kusunga nkhuni, anayamba kuphatikiza ufa n'kumaphika kamodzi. Ku khitchini ya Loveness kunamera udzu, nkhuku zinayamba kuikira pakati pa mafuwa.

Ndiye kunamveka uthenga wabwino. Boma likulemba mabanja ovutikitsitsa kuti azilandira ndalama mwezi ndi mwezi, komanso mbaula yosatha nkhuni. Loveness anagwada m'nyumba mwake nayamika. Anawerengera kuti akamasunga zonse osadyako, munda wa mayi ake udzabwerera.

Mlembi amene anafika pakhomo pake anali mtsikana waulemu, atanyamula foni yaikulu. Anasuzumira m'khitchini muja, naona udzu ndi mazira a nkhuku. Anafunsa kumene amaphikira. Loveness analoza kwa Mwajuma.

"Mphika umodzi, mayi?"

Loveness anali wa kwaya kuyambira ali mtsikana. Bodza linafika pa lilime, koma analimeza.

"Umodzi."

Mtsikanayo anafotokoza mofatsa kuti malinga ndi malangizo amene anapatsidwa, anthu odya mumphika umodzi ndi banja limodzi. Choncho Loveness ndi Blessings analembedwa pansi pa dzina la a Alli. Ndipo a Alli ali ndi nyumba ya malata ndi injini. Mayina atatuluka, la Loveness panalibe. Umphawi umene unazimitsa moto wake ndi womwewo umene unamufafaniza pa mndandanda wa amphawi.

Mwajuma anakwiya kuposa mwini wake. "Achemwali, mukanangonama kamodzi kokha. Mulungu wanuyo si amakhululuka? Ntchito yake si imeneyo?"

Loveness sanaseke. Anapita katatu kwa a komiti yomva madandaulo, wapansi. Ulendo woyamba anamuuza kuti abwere sabata yamawa. Wachiwiri anapeza chitseko chotseka. Wachitatu bambo wina wachifundo anamuuza zoona, kuti mayina anapita kale, ndipo kulemba kwina kudzachitika patsogolo, tsiku lake sakulidziwa.

Mu Januwale a Bizweki anafuna aganyu owokera mpunga. Ufa unali utatha. Loveness anapita. Anawerama m'madzi tsiku lonse, kuwokera mbande za munthu wina m'munda umene anaphunziriramo kugwira khasu, pafupi ndi chulu chimene mayi ake ankakhalapo akamapuma. Madzulo anaima pamzere ndi aganyu anzake, natambasula dzanja.

Anasiya kwaya. Lamulungu ankakhala benchi yakumbuyo, buku la nyimbo lili chitsekere pamiyendo. Anzake akamaimba za Mbusa amene sasowetsa nkhosa zake, iye ankayang'ana pansi. Pemphero lake linafupika mpaka linatsala mawu ochepa: Ambuye, boma silikundiona kuti ndine banja, kodi Inu mukundiona? Kumwamba kunali zii. Ndikunena izi mosabisa, chifukwa ena a inu muli pa benchi imeneyo lero, ndipo simufuna munthu wokunamizani kuti yankho limafulumira.

Mpunga utakololedwa, anapeza ganyu yosesa pa chigayo chopunthira mpunga. Kuseri kwake kunali mulu wa mankhusu wautali kuposa nyumba. Palibe ankawafuna. Mwini chigayo ankangouyatsa kuti uchepe, ndipo unkanyeka pang'onopang'ono, osalilima. Tsiku lina Loveness anaponda m'mphepete mwa muluwo napsa phazi. Anafunsa mwini chigayo kuti anauyatsa liti. Anati sabata yatha.

Anaima pamenepo phazi likuwawa. Moto wa sabata yathunthu, wopanda mwini, pamene amayi a mudzi wonse akuphikira majumbo.

Mayi ake anali woumba mbiya, ndipo manja a Loveness ankalidziwa dothi. Anatapa mankhusu akuda, amene anapsa osasanduka phulusa, nawasakaniza ndi dothi la pachulu, n'kuumba mibulu ngati mazira a bakha. Atayanika anayesa kuyatsa. Sinayake, dothi linachuluka. Anachepetsa dothi, mibulu inangonyenyeka m'manja. Anthu odutsa ankafunsa ngati wayamba kuphika zitumbuwa zamaliro. Ena ankanong'ona kuti imfa ya a Fanuelo yamufika kumutu.

Miyezi itatu inatha chomwecho. Kamodzi mvula yosayembekezereka inasungunula ntchito ya masabata awiri, ndipo Loveness anagona pamphasa tsiku lonse atayang'ana kukhoma. Mwajuma anamudzutsa pomuuza kuti wanyamula kale thumba lina la mankhusu, ndipo salibweza chifukwa khosi lake si la bulu.

Chimene chinathandiza chinali chinthu chonyozeka: phala lopyapyala la makoko a chinangwa. Atalithira, mibulu inagwirana ndi dothi lochepa chabe. M'mawa wina Loveness anazula udzu m'khitchini mwake, nathamangitsa nkhuku, naika mibulu isanu pakati pa mafuwa. Inavuta kuyaka, kenako inafiira. Inaphika nyemba mpaka kupsa, popanda utsi wotsamwitsa mwana. Anakhala pansi nayamba kuimba, mawu ali osasa ngati chitseko chadzimbiri.

Musaganize kuti chuma chinabwera. Owamba nsomba anawakana makala a mankhusuwo poyamba, amati milamba idzanunkha dothi. Anawapatsa aulere kuti ayese. Mmodzi anabwerera, kenako atatu. A Alli anayamba kunyamula matumba kupita nawo ku Chisi. Mwini chigayo ataona kuti zinyalala zake zili ndi msika, anayamba kulipiritsa mankhusu. A Bizweki analimanso mundawo chaka chachiwiri, ndipo ngongole inali itabereka ana. Blessings anakhala teremu yathunthu wopanda yunifolomu. Loveness ankapereka pang'onopang'ono, nthawi zonse pamaso pa mboni ziwiri, Mwajuma ndi mkulu wa mpingo.

Chaka chachitatu kunamveka kuti alembi akubweranso. Loveness ankadziwa amayi asanu ndi mmodzi, amasiye ndi okalamba, amene ankaphikira pa moto wa anansi monga iye kale. Sabata imeneyo sanagulitse makala ake, ngakhale kuti ngongole inali itatsala pang'ono kutha. Anawagawa khomo ndi khomo, nawauza kuti asese m'makhitchini mwawo, aliyense aphike pa mafuwa ake. Silinali bodza. Anali mabanja kuyambira kale, chimene ankasowa ndi moto wokha. Alembi atafika anapeza utsi pa nyumba iliyonse. Anayi mwa amayiwo analembedwa. Awiri anatsala, ndipo mpaka lero Loveness amawapatsa makala.

Chifukwa cha sabata imeneyo, anamaliza ngongole mochedwa ndi mwezi umodzi, mvula yoyamba itagwa kale. A Bizweki anali atafesa mbande zawo. Anazengereza, nanena kuti chaka chayamba, adikire china. Mwajuma anawafunsa pamaso pa anthu ogula sopo ngati mawu aja oti munda ndi wa mlamu anali a pakamwa pawo kapena anabwereka. A Bizweki anavula chipewa, nakanda mutu.

"Kauwokereni, mlamu. Mbandezo mugule."

Anagula. Mu Januwale anaweramanso m'madzi omwe aja, pafupi ndi chulu cha mayi ake. Madzulo sanaime pamzere wa munthu aliyense. Anasamba matope m'ngalande napita kunyumba kukakoleza moto.

Abale anga, Loveness akadali wosauka. Nyumba yake ndi yaudzu, manja ake ndi akuda ndi makala, ndipo nkhafi ya a Fanuelo siidzabwerera. Kwa inu amene mumalemba malamulo othandiza osauka, ndikupemphani m'dzina la Ambuye: mukapeza mafuwa ozizira, musafulumire kunena kuti palibe banja. Funsani chimene chinazimitsa motowo.

Ndipo iwe amene dzina lako linasowa pa mndandanda, iwe wa pa benchi yakumbuyo, alipo Mlembi wina amene sanakuphatikize ndi wina aliyense. Amakudziwa ndi dzina lako, ndi khomo lako. Mwina achedwa zaka zitatu. Mwina yankho lake lili pa mulu wa zinyalala umene umadutsa tsiku ndi tsiku. Dzuka, kazule udzu pa mafuwa ako. Mtima wako usautaye, m'bale wanga, moto udzayakanso.